Makala ndi Mchere m'Dzenje

"Thirani wonse, amalume," anatero. "Musaumire."

Ndinali m'dzenje lofika m'chiuno. Iye anali pamwamba, atagwira ndodo ya mkuwa kuti iime chilili. Ndinakhuthulira mchere wonse pa makala, n'kupondaponda ndi phazi. Mchere wake unali woti banja n'kudya mpaka mvula. Ine ntchito yanga ndi kukumba. Ndakumba zitsime kuchokera kwathu ku Kawinga mpaka kuno ku Balaka kumene ndinakwatira, ndipo wondituma sindimufunsa zambiri.

Wondituma tsiku limenelo anali mwana wa achemwali anga. Anali m'chaka chomaliza ku yunivesite ku Blantyre, akuphunzira uinjiniya wa zamagetsi. Kumtundu kwathu palibe anafikako kumeneko. Ine ndinalekera ku pulayimale. Tsiku limene dzina lake linatuluka, achemwali anga anasiya tomato pamsika wa Ntaja n'kuthamanga kudzaimba foni, koma mawu sankamveka, nthungululu zokhazokha.

Zimene ankaphunzira ndinaziona m'mabuku ake. Ndinkaganiza kuti ndipezamo zithunzi za mababu. Munalibe. Munali masamu, ndi tizilembo topindika ngati nyongolotsi. Chaka choyamba atabwera ku holide, anthu anamubweretsera mawailesi akufa ndi matochi. Anawauza kuti sanafike pamenepo. Anabwerera nazo akung'ung'udza. Chaka chachitatu anabwera ndi chipsera pachala, chowotchedwa ndi chitsulo cholumikizira mawaya, ndipo ankachionetsa kwa aliyense ngati mphete. Anali ataonda. Ankati m'kalasi mwawo atsikana ndi owerengeka, ndipo mayeso akeko amagwetsa ngakhale amene ankatenga nambala wani moyo wawo wonse. Iye sanagwe.

Tsopano panatsala chinthu chimodzi. Aliyense wa chaka chomaliza amasankha funso lake, n'kulifufuza yekha, n'kukaima pamaso pa aphunzitsi kuliyankha. Amati pulojekiti. Ukalephera imeneyo, digiri palibe, umadikira chaka china.

Funso lake anandifotokozera titakhala pakhonde, dzenje lisanakumbidwe.

"Amalume, pachigayo paja, mota ikabooka mkati, magetsi amatulukira pachitsulo. Amafuna njira yopita pansi. Akapeza ndodo ya mkuwa yokhomedwa m'dothi, amadzera momwemo. Timati ethi. Akapanda kuipeza, amadzera mwa munthu amene wagwira."

"Ndiye khomani ndodozo."

"Amakhoma. Koma dothi likauma limakana. Dothi la kuno m'chilimwe mukulidziwa inu."

Ndinkalidziwa. Piki imadumpha.

"Amisiri amathira makala ndi mchere kuti dothi lilole," anatero. "Ine ndikufuna kuyeza ngati zimathandizadi kuno, komanso mpaka liti. Ndiyambe pano kukadali chinyezi, ndidutse chilimwe chonse, ndimalize mvula yodzalira ikagwa. Ndodo ikazulidwa pakati, zonse zafa."

Kwa amayi ake ku Kawinga kunali pafupi ndi dambo, dothi silimauma bwino. Kwa ine kunali kouma, komanso minibasi ya ku Blantyre imatsitsa pafupi. Ndiye tinakumba maenje atatu. Lina ndodo yokha, lina ndodo ndi makala, lina ndodo ndi makala ndi mchere. Anati atalikirane. Bwalo langa si lalikulu. Lina linagwera kuseri kwa khitchini, lina pafupi ndi khola la mbuzi, lina m'mbali mwa njira yolowera pakhomo. Nyumba inatsala pakati.

Titakwirira, mitu ya ndodo inkaonekera pang'ono pamwamba. Anatsegula kabokosi kachikasu kamene anabwereka kusukulu, n'kuyala mawaya pabwalo, n'kukhoma tizikhomo kutali, n'kudina. Analemba zimene kabokosi kananena. Kenaka anatembenukira kwa akazi anga.

"Azakhali, pamenepa musatayepo madzi. Otsukira mbale, ochapira, ngakhale a mphika. Wina asagwedeze ndodo. Mbuzi zisakodzerepo."

"Mbuzi ndiziuza," anatero akazi anga. "Zimamva Chichewa."

Anaseka, anakwera kabaza, anapita. Ine ndinadula minga n'kutchinga malo onse atatu.

Pamudzi pano ndine mkamwini. Malo ndi a akazi anga, ndipo woyang'anira mbumba ndi mchimwene wawo wamkulu, alamu anga. Ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Munthu wosamwa, wosaba, wolima thonje labwino. Tinkagwirizana. Ankanditcha Nkhululu chifukwa chokumba, ine ndinkawatcha Abusa Osadzozedwa.

Anabwera mmawa wina ndikunola piki. Sanakhale pansi. Anazungulira nyumba, akuima paminga paliponse.

"Alamu, mwakwirira chiyani?"

"Mkuwa."

"Ndi chiyani?"

"Makala. Mchere."

"Mchere," anatero. Anayang'ana kumwamba. "Kumakona a nyumba."

"Ndi zasukulu. Za mwana uja. Zamagetsi."

Analoza denga langa. "Magetsi ake ati? Nyumba ino ili ndi magetsi?"

Inalibe. Mapolo anathera kumsewu. Ife timaunikira katochi ka sola.

"Nyumba yopanda magetsi, chitsulo cha magetsi," anatero. "Nkhululu, ine si mwana. Ndinaona ndi maso anga sing'anga akutsirika nyumba ya malemu amalume athu. Anakumba m'makona. Anaika chitsulo, makala, mchere. Anasiya malamulo: pasathiridwe madzi, wina asakhudze. Inu malamulo anu ndi otani?"

"Pasathiridwe madzi. Wina asakhudze."

"Ndiye?"

"Ndiye ndi zasukulu."

Anapita akupukusa mutu. Sindinawatsatire. Ndinali nditanena zoona kawiri, ndipo kachitatu sindinena.

Mwana atabweranso mwezi wotsatira, alamu anabwera kudzaonerera. Anawafotokozera mwaulemu, atagwada, monga mmene anandifotokozera ine. Anawaonetsa manambala pakabokosi. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, wayankhula bwino," anatero. "Koma sing'anga ujanso ankayankhula bwino. Nayenso anali ndi kabokosi."

Iye anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Ine ndinadziwa kuti si nthabwala.

Chilimwe chinalowa. Chitopa chinagwa pamudzi, nkhuku za alamu zinatha. Zanganso zinatha, koma zimenezo palibe anawerenga. Chitsime cha kumunsi chinaphwa msanga. Chimaphwa chaka chilichonse, ndinachikumba ndine ndipo ndinawauza eni ake kuti tiwonjezere kuya, anakana. Chaka chimenecho anthu anakumbukira ndodo zanga. Amayi opita kumjigo anasiya kudutsa njira ya pakhomo panga, ankazungulira kumlambe.

Kenaka anandiitana kubwalo la mpingo.

Tinakhala m'kachipinda kakuseri kwa tchalitchi, Loweruka masana, malata akulira ndi dzuwa. Abusa anali achinyamata, obwera kumene. Iwo za ethi ankazidziwa, kunyumba ya abusa kuli magetsi. Anandiuza poyera kuti sakukhulupirira kuti ndatsirika.

"Koma abambo," anatero, "nkhosa zakhumudwa. Chinthu chikhoza kukhala chololeka, koma chikapunthwitsa mbale wako, umachisiya. Zulani. Mwanayo akakhome kwina."

"Kwina ayambira poyamba," ndinatero. "Chaka chonse chitayika."

"Angabweretse kalata ya kusukulu," wina anatero.

"Kalata amalemba aliyense," anayankha alamu. "Ine ndikunena za dothi la mayi anga."

Abusa anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

"Ndizula mvula ikagwa," ndinatero. Pambuyo pake ndinaganiza kuti ngakhale amenewo ndinachulutsa.

Anandiimitsa mgonero mpaka nditazula. Lamulungu ndinapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. Ndinakhala benchi yakumbuyo, pamodzi ndi amitala ndi ophika kachasu. Anandisunthira malo. Mmodzi, wophika kachasu wodziwika dera lonse, anandinong'oneza.

"Achimwene, mankhwala anuwo akagwira, mudzanditsirikireko migolo. Apolisi andivuta."

Mbale ya mkate inadutsa mabenchi akutsogolo n'kubwerera. Ndinaimba nyimbo zonse. Mawu anga ndi oipa koma ndi aakulu.

Miyezi yotentha ndiyo nyengo yanga. Chitsime chabwino chimakumbidwa madzi atathawira pansi penipeni, kuti ukawapeza pamenepo sadzaphwanso. Anthu anabwera kudzanditenga, ena ochokera ku Ntaja, ena a tsidya lino la Shire. Ndinali nditamanga kale zingwe ndi ndowa panjinga pamene akazi anga anandiimitsa.

"Achimwene anena kuti mukangochoka, abwera ndi khasu."

Ndinamasula zingwe. Chaka chimenecho sindinakumbe chitsime ngakhale chimodzi. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, pamalo oti ndikuona maenje awiri, lachitatu ndikulimva. Ndinasema mipini. Ndinasema yambiri, yoti makasu ake pamudzi panalibe. Ndiwo zinachepa m'nyumba. Akazi anga anayamba kuphika zitumbuwa n'kumakagulitsa kusiteshoni ya sitima. Sanandinene.

Tsiku lina alamu anabweradi, khasu lili paphewa. Anapeza ndili pamenepo. Anaima. Akazi anga anatuluka m'khitchini, chipande chili m'manja.

"Achimwene, mwadzera kulima?"

"Mlongo, usalowerere. Ndikuyeretsa pakhomo pa amayi."

"Pakhomo pa amayi ndimasesa ndine. Inu munasesapo liti? Mbumba ndi yanu, eya. Koma minga iyo ikasuntha, maliro anu mudzaphikitse kwa ena."

"Nawenso akudyetsa."

"Andidyetsa zaka zonsezi. Nsima. Inu munandidyetsapo chiyani?"

Alamu anandiyang'ana ine. "Nkhululu, mwabisala kumbuyo kwa chitenje."

"Mthunzi ulipo," ndinatero. "Khalani."

Sanakhale.

Mwanayo sindinamuuze. Ankabwera mwezi ndi mwezi, kuyala mawaya, kudina, kulemba, kudya, kupita. Ankabwera maso ali ofiira. Ankati akuwerenga za makina aakulu ogawa magetsi m'mizinda, ndipo mphunzitsi wake wa pulojekiti ndi munthu wosaseka, wofunsa funso limodzi katatu. Manambala a ndodo yopanda kanthu ankakwera ulendo uliwonse. Iye ankasangalala nazo ngati mlimi woona chimanga chikumasula.

"Mukuona, amalume? Likukana! Apa munthu atagwira mota, wapita."

"Ukusekerera munthu kufa?"

"Iyayi. Ndikusekerera kuti ndaligwira."

Anamva kwa amayi ake. Nkhani inayenda ndi ogula nsomba mpaka ku Kawinga. Anafika Lachitatu, tsiku losakhala lake, wopanda kabokosi. Anatsika kabaza asanaime bwinobwino.

"Amalume, akuti mukukhala kumbuyo."

"Kumbuyo kumapita mphepo."

"Akuti simunakumbe chaka chino."

"Msana."

"Msana wake uti? Azakhali akugulitsa zitumbuwa kusiteshoni!" Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi khasu. "Ndizula ndekha. Ndikauza aphunzitsi kuti zinavuta. Ndidzayambiranso chaka chamawa kwina. Anthu amabwereza, safa."

Anapita paminga ya kunjira n'kuyamba kukoka nthambi. Ndinadzuka. Ndinagwira mpini. Anakoka, sindinasiye.

"Dzenje ili unakumba ndiwe?"

"Munakumba ndinu."

"Ndiye sukhudza."

"Koma ndi pulojekiti yanga."

"Yako ndi manambala. Dzenje ndi langa."

Anasiya khasu. Anakhala pansi, padothi lotentha, ndi siketi yake ya ku Blantyre, n'kulira. Sindidziwa kutonthoza munthu. Ndinabwezera nthambi za minga pamalo pake. Akazi anga anamubweretsera thobwa.

"Imwa, injiniya," anatero. "Koma misozi iyo usadonthezere pandodo. Unatiletsa wekha."

Anaseka, mamina ali pamphuno. Madzulo ndinamukweza panjinga yanga mpaka pasiteji. Panjira anandiuza kuti akamaliza akufuna kukagwira ntchito yokoka magetsi kumidzi, osati kukhala muofesi. Ndinati chabwino. Anati tsiku lina adzakoka mpaka pakhomo panga. Ndinati ayambe wakhoza.

Chizimalupsa chinagwa, kamvula kongozimitsa fumbi. Alamu anatuma mawu kuti mvula yagwa. Ndinaimbira mwana. Anati ndikumbe pambali ndi chala ndione pamene chinyezi chafika. Sichinapitirire chikhadabo. Ndinabweza mawu kwa alamu kuti imeneyo si mvula, ndipo iwo ngati mlimi akudziwa. Thonje lawo anali asanadzale.

Kutentha kunabwerera kuposa kale. Abusa anabwera okha panjinga yamoto. Anakhala nane pansi pa mango, anandifunsa za mipini. Kenaka anati mgonero wa Khirisimasi wayandikira, ndipo sizikhala bwino munthu wa zaka zanga kukhala kumbuyo tsiku lotere. Anati ndingozula imodzi, ya kunjira, anthu aone. Ndinawafunsa ngati munthu amabatizidwa mbali imodzi. Anaseka, anagula mpini, anapita.

Mvula yeniyeni inabwera masana a Lachisanu, kuchokera kumapiri a Machinga. Inagwa mpaka Loweruka. Ngumbi zinatuluka. Mudzi wonse unathamangira kuminda ndi mbewu, ine ndinatsala. Mwana anati tidikire madzi alowe pansi. Anafika Lolemba mmawa, kabokosi kali m'pepala la pulasitiki, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope.

Alamu anamuona akudutsa. Pamene ankayala mawaya, anali atafika kale, ndi khasu, ndi mkulu wa mpingo wina woti akhale mboni. Anaima chapatali. Akazi anga anawapatsa mipando. Anakhala.

Anayamba kukhola. Anadina, analemba. Anabwereza. Anapita kukhitchini, kenaka kunjira. Sanafulumire. Waya wina unali utasweka khungu, anaudula n'kuulumikiza ndi mano ndi pulayala, alamu akuyang'ana. Ine ndinkakhoma tizikhomo pamene wandilozera.

Atamaliza anakhala pachitsa, akuyang'ana zimene analemba kuyambira tsiku loyamba. Kenaka anadzutsa mutu.

"Zakwana, amalume."

"Zonse?"

"Zonse. Ndodo yokha m'chilimwe si yodalirika kuno. Ya makala inagwira. Ya mchere inayamba bwino kuposa zonse, koma taonani." Anafukula pang'ono pamutu pa ndodo ya kunjira. Polumikizira panali patabiriwira, chomangira chake chitadyeka. "Zimenezi ndikalemba. Akandifunse katatu, ndiwayankha katatu."

Sindinamuonepo nkhope yotero. Anali ngati amayi ake ali mtsikana.

Anapinda mawaya, anatseka kabokosi. Anapita pamene panakhala alamu, anagwada.

"Agogo, ndamaliza. Pepani kuti ndinakuvutitsani pakhomo panu."

"Ukakhoze, mayi," anatero alamu. "Ine ndi iwe tilibe mlandu." Ndikhulupirira kuti ankanena zoona.

Kabaza anali akudikira kumsewu. Anatsanzika, anandiuza kuti ndodo nditha kuzula tsiku lililonse, sakuzifunanso. Anapita akudumpha zithaphwi.

Alamu anadzuka, anadziwongola msana.

"Eya, Nkhululu. Mvula yagwa. Mwini wake waloleza. Mboni nayi. Zulani tione, Lamulungu mubwerere kutsogolo. Benchi yanu ikudikira, palibe wakhalapo." Anandipatsira khasu lawo, mpini kutsogolo. "Tisakokerane. Ndife anthu amodzi."

Mboni inagwedeza mutu. Akazi anga anaima pakhomo, akupukuta manja pachitenje.

Ndinayang'ana ndodo ya kunjira, kamutu kake kali m'matope. Ndinayang'ana alamu. Ndinalandira khasu. Linali labwino, lonoledwa kumene. Ndinaliika paphewa, ndinatola thumba la mbewu limene linali pakhonde, n'kulowera njira ya kumunda.

"Alamu!" anaitana. "Alamu, khasu langa!"

Anzanga anali atadzala kale kuyambira Loweruka. Ndinali nditachedwa.